Nkhope Zinayi M'galasi la Azakhali

Ndinafika pasaluni ya azakhali dzuwa lisanayambe kuluma, chikwama cha maikolofoni kumsana, ndodo yake yaitali paphewa. Azakhali anali atapachika kale chikatoni pachitseko chonena kuti lero sitikugwira. Chitsegulireni saluniyo anali asanatsekepo Loweruka. Ngakhale tsiku limene anazulitsa dzino anagwira ntchito thonje lili m'kamwa. Koma anatseka chifukwa cha filimu yanga.

"Anzako a kamera ali kuti?" anandifunsa akupesa wigi pachidole.

"Akubwera, azakhali."

"Ine ndadzola kale. Thukuta likachotsa paudayu, wachiwiri ugula ndiwe."

M'gulu lathu la digiri yachiwiri ya zamafilimu tinalimo anayi: ine, Lenzi, Dona ndi Kandulo. Lamulo la sukulu linali losavuta. Aliyense amapanga filimu yake yomalizira maphunziro, anzake atatu n'kumugwirira ntchito, kenako mumasinthana. Kamera yabwino pasukulupo ndi imodzi, ndiye imayenda mwa kasinthasintha. Chaka chikamatha mafilimuwo amaonetsedwa muholo pamaso pa eni makampani amene amabwera kudzatola oti awalembe ntchito. Ukafika tsiku limenelo chimanjamanja, digiri palibe, ntchito palibe, ubwerera kwanu ndi nkhani zokha.

Atatuwo anali atajambula kale, ndipo mawu a mafilimu awo onse ndinajambula ndine. Pa filimu ya Lenzi ndinaima m'ngalande ya madzi onunkha mpaka m'mawondo, chifukwa iye ankafuna kuti phazi lililonse loponda pamlatho limveke. Pa ya Dona ndinanyamula ndodo mpaka manja anachita dzanzi, iye akubwerezetsa mnyamata wake chiganizo chimodzi chokhachokha poti sichinkamveka "chakunja". Pa ya Kandulo ndinazizidwa m'chipinda chosungiramo nyama kubutchala, n'kutulukamo ndi chimfine chimene chinandigoneka. Sindinadandaule. Ndinkati langa likubwera.

Dzina lakuti Zaukwati anandipatsa ndi iwowo. Digiri yanga yoyamba ndi ya uphunzitsi. Kamera ndinadziphunzitsa ndekha pojambula maukwati a anthu, ovina akundiponda zala. Ndiye chilichonse ndikanena m'kalasi, Dona ankangoti, "Pano si paukwati, mayi."

Filimu yanga inali yaifupi. Mayi wa saluni akuluka tsitsi la mkazi amene akumulanda mwamuna. Onse awiri akudziwa, palibe wotchula, mpaka maso awo akumana pagalasi. Azakhali ankasewera wa saluni. Atelala, mnzawo wa shopu yoyandikana, ankasewera wolanda mwamunayo, ndipo anali atavala kale ndolo zobwereka.

Tinadikira mpaka atelala anayamba kuwodzera pampando wochapirapo tsitsi. Lenzi foni yake inali yozimitsa. Ya Kandulo inkangolira. Dona anayankha monong'ona.

"Zaukwati, sindingayankhule, tili pa seti."

"Seti yanji? Seti ili kuno."

"Aa! Aphunzitsi athu a Dokotala sanakuuze? Pali kampani ikujambula zotsatsa sopo, atitenga tonse atatu. Ndi mwayi, mayi, umvetse."

"Kamera ili kuti?"

Chapatali ndinamva mawu a Lenzi akuitanitsa batire.

"Dona, kamera imene Lenzi anatenga dzulo m'dzina langa ili kuti?"

Anadula foni.

Nditafunsa kusukulu kumene ankajambulirako, ndinakwera minibasi ndodo ili m'manja. Kondakitala anati, "Mayi, mbedza imeneyi nsomba zake zili kuti?" Ndinamuyang'ana, iye n'kutembenukira kuwindo osaonjezanso.

Malowo anali nyumba yakale yosungiramo katundu. Pakati anamangapo bafa yabodza ya makoma awiri, mtsikana wovala thaulo akusekerera chidutswa cha sopo ngati chamulonjeza banja. Makamera analipo awiri. Yachiwiriyo ndinaidziwa ndi kabala ka penti yofiira pachogwirira, ndipo kumbuyo kwake kunali Lenzi, diso limodzi lotsinzina. Kandulo anali pamakwerero akukonza nyali. Dona ankathira thovu m'bafa ndi jagi.

Sindinadikire kuti amalize. Ndinadutsa pamaso pa makamera onse awiri, nsapato zanga zikulira pasimenti.

"Dula! Dula!" anakuwa mwini kampani, bambo wa kamimba wovala chipewa m'nyumba. "Ndani ameneyu?"

"Mwini tsiku la kamera iyo," ndinatero ndikuloza ndi ndodo.

A Dokotala, mphunzitsi wathu wamkulu, anadzuka pampando wa nsalu. Anali ndi mpango wawo m'khosi, uja savula ngakhale kutenthe bwanji.

"Mtsikana iwe, tiye panja tikambirane."

"Tikambirane pompano, a Dokotala. Panja pali fumbi, mpango ungade."

"Kampani inafuna ophunzira atatu, ndinaipatsa atatu. Wa mawu ali naye kale. Mwayi wotere subwera kawiri, ukufuna nditseke chitseko cha anzako chifukwa cha iwe?"

"Nanga tsiku langa?"

"Tikupezera lina."

"Liti? Lolemba kamera ikupita kugulu lina, ndipo sibweranso kwa ife mpaka chionetsero. Munatiuza nokha, tsiku lomwe munkatiphunzitsa kuti mutu umodzi susenza denga. Ine madenga atatu ndasenza. Langa lili pansi."

Anapumira m'mwamba n'kuyang'ana mwini kampani ngati akupepesa chifukwa cha galu wolowa m'tchalitchi.

"Mwana iwe, kafilimu ka mu saluni ungathe kujambula ndi foni."

Anthu a kampani anaseka. Ngakhale mtsikana wa thaulo anaseka. Lenzi sanachotse n'komwe diso pakamera, anangoti, "Zaukwati, taima pambali, ukutchinga nyali."

Ndinamutembenukira.

"Lenzi, filimu yako ili ndi mawu?"

Anadzutsa mutu.

"Ndikufunsa. Mapazi ako aja a pamlatho ali kuti? Dona, chiganizo chako chakunja chija chili kuti? Makhadi onse osungiramo mawu anu ali kwa ine."

"Ukunama," anatero Lenzi. "Unakopera pakompyuta ya sukulu."

"Ndikopere pati? Kompyutayo Dona anaidzaza ndi zithunzi za mnyamata wake. Munati ndisunge mpaka nthawi yosakaniza mawu. Ndasunga, ndipo ndasunga bwino, poti ngakhale mfiti singapeze."

Kandulo anatsika makwerero pang'onopang'ono. "Sisi, yanga ija ndi ya kuyankhula yokhayokha."

"Ndiye ikhala ya anthu otafuna mpweya."

"Iwe ndiwe wamisala," anatero Dona, jagi ikudontha thovu pansapato zake. "Kodi kumaukwati kwanu mumachita chonchi? Mkwati akachedwa mumabisa keke?"

"Kumaukwati wolonjeza kubwera amabwera."

A Dokotala anandigwira pachigongono n'kundikokera pambali. Mawu anatsitsa, koma mano anali olumana.

"Ukudziwa kuti uku n'kuba? Mawu amenewo ndi katundu wa sukulu."

"Nanga kamera iyo ndi katundu wa sopo?"

"Tamvera. Ntchito imeneyi ili ndi anthu ochepa. Onse amene angadzakulembe ntchito akhoza kukwana m'nyumba ino, ndipo ena mwa iwo akukuonera panopa. Ine kalata yokuyamikira usadzandipemphe."

"Aone bwino, asadzandisokoneze ndi wina."

Ndinatembenukira atatu aja. Ndinati mawa m'mawa ndikufuna kamera, nyali ndi anthu atatu pasaluni. Zithunzi zanga zikadzalowa pakompyuta Lolemba, aliyense adzalandira khadi lake. Wosabwera akaonetse filimu ya osayankhula. Potuluka ndodo inagunda khoma la bafa, ndipo khomalo linagwedezeka ngati chikatoni, poti chinalidi chikatoni.

Azakhali ndinawapeza atachotsa pauda, atatsegula chitseko, akuchapa mutu wa kasitomala mwaukali moti mayiyo ankagwira mpando ndi manja awiri.

"Loweruka langa wandidyera, tsopano ukufuna Lamulungu?"

"M'mawa wokha, azakhali."

"Bambo ako ndi mlongo wanga, koma saluni iyi sanandigulire. Ukuona sitepe ya pakhomo iyo? Dzuwa likangoifika ndikutsegula, kaya mwamaliza kaya simunamalize."

M'mawa mwake anabwera pagalimoto ya Dona, onse atatu nkhope zili ndwii. Anatsitsa katundu osapereka moni.

"Ana a kuyunivesite moni amasiya m'kalasi?" anafunsa azakhali.

Kandulo yekha ndi amene anawerama pang'ono. "Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Tadzuka, bambo. Anzanuwa akudwala mano?"

Ndinayang'ana katundu. Sikirini yaikulu imene wotsogolera amaonerapo zimene kamera ikujambula panalibe.

"Sikirini ili kuti?"

"Unati kamera, nyali ndi anthu atatu," anatero Lenzi akumanga kamera pamiyendo yake. "Tawerenga. Chasowa chiyani?"

Ndinapatsa Dona ndodo ya maikolofoni kuti ine ndiime pafupi ndi kamera. Titangoyamba, m'mahedifoni munadzaza kugogoda kwa zikhadabo zake zazitali pandodo. Ndinamuuza, anati manja ake sanazolowere ntchito ya mtundu umenewu. Ulendo wachiwiri anatsitsa maikolofoni mpaka inakhudza wigi ya atelala. Ndinamulanda ndodoyo.

"Kaime uko. Usagwire kanthu."

"Zikomo, bwana."

Ndiye ndinakhala wotsogolera komanso wa mawu, manja m'mwamba, maso pa azakhali.

Azakhali poyamba ankachita mantha. Anthu a kamera anali asanawaonepo pafupi chotero. Chiganizo choyamba anachinena mokuwa ngati akuitana minibasi. Dona anabisa pakamwa. Lenzi ananong'ona, koma maikolofoni samva za kunong'ona, amatola zonse: "Mphoto ya chaka chino yapita kale." Azakhali nawo anamva. Manja awo, amene amaluka mutu wonse maso ali pa wailesi yakanema, anagwetsa chipeso.

"Mwana wanga, mwina upeze wina," anatero motsitsa.

Ndinavula mahedifoni.

"Mverani, agalu inu. Mayi awa atseka malo awo chifukwa cha ine. Pa seti ya Lenzi munthu akatsokomola ankatulutsidwa. Kuyambira pano palibe woyankhula pa seti yanga. Aliyense achite chimene ndamuuza, pakamwa potseka. Wotsegula pakamwa khadi lake ndikalitaya m'chimbudzi."

Munangoti zii, kupatula firiji ya zakumwa pakona imene Kandulo anakaizimitsa yekha asanauzidwe.

Kuchokera pamenepo ntchito inayenda. Ndikati kamera apa, inkabwera apa. Ndikati nyali itsike, inkatsika. Azakhali anaiwala kamera, anakumbuka tsitsi. Anayamba kuluka zenizeni, kukoka zenizeni, moti atelala ankatsinzina ndi ululu weniweni, zomwe zinali zabwino kwa filimu.

Tinafika pachithunzi chachikulu dzuwa likukwawira kusitepe. Saluniyo ili ndi magalasi awiri: lalikulu kutsogolo kwa mipando, ndi lina lalitali kukhoma la kumbuyo loti kasitomala azidzionera kunkhongo. Ndinauza Lenzi aike kamera chapambali, ajambule galasi la kutsogolo, nkhope ziwiri ndi manja a azakhali zonse zikwane, osadula mpaka maso akumane.

Anaika. Anayang'ana. Kenako anakweza chala, kumwetulira kuli pakona ya mlomo.

"Zaukwati, pali kanthu kena..."

Kumwetulira kumeneko ndinkakudziwa. Ndi komwe kunatsogolera nthabwala ya mphoto.

"Ndati chete."

"Chabwino. Mwamva nonse, ati chete."

"Yamba!"

Chimene azakhali anachita sindinawaphunzitse. Analuka, analuka, n'kufunsa atelala ngati akufuna mzere wa pakati kapena wa pambali, "poti abambo ena amakonda wa pambali." M'mahedifoni ndinamva chipeso chikudutsa m'tsitsi, mpweya wa atelala ukuima. Kenako azakhali anadzutsa maso pagalasi, chala chili chipanire chingwe cha tsitsi, n'kumuyang'ana mnzawoyo mpaka iye anagwetsa nkhope. Manja anga anali kuwawa koma sindinafune kunena kuti dula.

Nditanena, ndinathamangira pakasikirini ka pakamera, kochepa ngati chikhatho cha mwana. Kuwala kwa pakhomo kunkagwerapo. Ndinaona maso a azakhali, ndipo china chilichonse sindinachifune.

"Tibwereze?" anafunsa Lenzi mwaulemu wonyanya.

"Ayi. Imeneyi ndiyo."

Dzuwa linali pasitepe. Azakhali anachotsa chikatoni.

Lolemba Lenzi anabweza kamera kusitolo ya sukulu, gulu lina n'kuitenga pomwepo. Tinakumana m'chipinda chodulira mafilimu, chija chopanda windo, chonunkha masokosi ndi waya wotentha. Ndinalowetsa zithunzi pakompyuta iwo ataima kumbuyo kwanga ngati odikira mtembo kuchipatala.

"Zalowa," anatero Dona. "Makhadi."

"Ndione kaye."

Zoyambirira zinali bwino. Ndisaname, Lenzi ali ndi diso. Ndinatsegula chithunzi chachikulu chija pasikirini yaikulu ya pakhoma.

Azakhali anali pakati, atelala pansi pawo, manja akuyenda. Ndipo kuseri kwa phewa la azakhali, m'galasi la kumbuyo limene linkaonekera m'galasi la kutsogolo, munali ife. Kandulo atanyamula bolodi loyera. Dona atatsamira khoma akukanda foni, chingamu chikuzungulira m'kamwa. Ine manja m'mwamba, pakamwa pali yasa ngati mwana woonera ndege. Ndi Lenzi. Iye anali atachotsa diso pakamera, akuyang'ana molunjika m'galasimo, akumwetulira. Pamene maso a azakhali ankakumana ndi a atelala, iye anakweza dzanja n'kubayibitsa.

Dona anaseka mpaka anakhala pansi. "Mayi, iyi ndiye ya paukwati yeniyeni! Achibale onse alimo!"

Kandulo anagwira kumutu. "Aise, Lenzi, zimenezi ndiye ayi."

Ndinadzuka mpando n'kugwa chagada. Sindikudziwa kuti kolala ya malaya ake ndinaigwira liti.

"Unaona!"

"Ndinakweza chala," anatero osandichotsa dzanja. "Mboni zilipo. Unati chete. Unagula manja anga, Zaukwati, pakamwa unatseka wekha."

"Ukanakhala munthu ukananena."

"Ukanakhala munthu sukanabisa mawu anga. Unatichititsa manyazi pamaso pa kampani yonse. Ukudziwa kuti bwana uja anafunsa ngati ophunzira onse a pasukulu pano ali ngati iwe?"

"Ukanamuuza kuti ayi, ena ndi akuba makamera."

Kandulo anatilekanitsa ndi mkono wake. Batani limodzi la Lenzi linagudubuzika pansi pa tebulo.

"Makhadi," anateronso Dona akupukuta misozi ya kuseka. "Tabwera, tajambula, zalowa pakompyuta. Kapena chilungamo chako chimagwira ntchito ukamapindula iwe wekha?"

Makhadiwo anali m'sokosi yanga. Ndinkawamva akundikanda pakakolo. Panali njira zambiri zowathera: chidendene, mano, chimbudzi cha kumapeto kwa khonde. Ndinaganiza zonse, ndipo iliyonse inkakoma. Koma mawu a Dona, ngakhale anatuluka m'kamwa monunkha chingamu, anali oona. Ndinalonjeza pamaso pa anthu.

Ndinavula nsapato, ndinatulutsa makhadi atatu n'kuwaponya patebulo.

"Tengani. Achapeni."

Dona anatola lake ndi nsonga za zikhadabo n'kutuluka. Kandulo anatola lake n'kumutsatira. Lenzi anaika lake m'thumba la pachifuwa n'kulisisita.

"Pepa, sisi. Uyese chaka chamawa."

Ndinadzutsa mpando, ndinakhala, ndinayamba kudula. Anafika pachitseko n'kucheuka.

"Ukutani?"

"Ndikudula filimu yanga."

"Ndi chithunzi chimenecho?"

"Ndili ndi china?"

Anabwerera. "Kokera chithunzicho pafupi, galasilo lituluke."

Ndinakokera kuti aone yekha. Galasi la kumbuyo likamatuluka, limatuluka ndi diso limodzi la azakhali ndi dzanja lawo lamanja.

"Ndiye chichotse chonse."

"Filimu yonse ndi chimenechi. Chionetsedwa mmene chilili."

Ndinatsegula tsamba la mayina a kumapeto kwa filimu. Ndinalemba kuti "Wojambula", pansi pake n'kulemba dzina lake lenileni, lonse, ndi la bambo ake lomwe. Ndinakulitsa zilembo.

"Chotsa dzina langa."

"Lamulo la sukulu likuti aliyense wogwira ntchito alembedwe. Wagwira, ndakulemba."

"Zaukwati, bwana wa kampani uja adzakhala kutsogolo muholo. Akufuna wa kamera mmodzi. Wandiuza kuti adzaonera chilichonse chimene ndajambula chaka chino."

"Adzaona."

"Chotsa!"

"Chabwino, tinene kuti ndachotsa dzina. Nkhopeyo ndichotsa ndi chiyani?"

Ndinaimitsa chithunzi pamene ankabayibitsa. Pasikirini yaikulu mano ake onse ankawerengeka. Wotsogolera wosaona galasi anthu amati ndi mwana, aphunzira. Koma wa kamera amene waona galasi, n'kubayibitsa, n'kupitiriza kujambula ntchito ya mwini, palibe kampani imene ingamupatse kamera yake ngakhale kuti aipukute fumbi. Sindinafunike kumuuza.

"Ukudzipha wekha kuti undiphe ine."

"Ine a Dokotala anandiika kale m'manda Loweruka. Ndikungosuntha pang'ono kuti nawe ukwane."

Ananditukwana. Anatchula maukwati, anatchula saluni, anatchula zinthu zina zimene sindingalembe. Ndinavala mahedifoni n'kuyamba kulumikiza kulira kwa chipeso ndi dzanja la azakhali. Atatopa anatuluka n'kumenyetsa chitseko. Patapita kanthawi chinatsegukanso.

"Ndikapeza kamera kwina," anatero maso ali kukhoma, "chithunzi chimodzi chokhacho. Ichi uchifufute ine ndikuona."

"Ndidzafufuta chatsopano chikalowa. Ubwere ndi sikirini."

Kamera anakaipempha kukampani ya sopo konko. Ananama chiyani, sindikudziwa. Ine ntchito yanga inali yovuta kuposa yake, chifukwa ndinayenera kukaima pamaso pa azakhali kachitatu.

Anandimvetsera akusakaniza mankhwala a tsitsi m'kambale.

"Galasi la kumbuyolo? Ine ndinakuonanitu nonse mmenemo."

"Munaona, azakhali? Bwanji simunanene?"

"Unati aliyense atseke pakamwa. Komanso ndinkayesa ndi mmene mumachitira a digiri ziwiri." Anagogoda supuni pakambale. "Chikatoni sindipachikanso. Mubwere ndisanatsegule. Ndipo maso aja sindikulonjeza, mwana wanga. Tsiku lija ndinkaganiza za munthu wina wake, ndipo sindikonda kumuganiza kawiri sabata imodzi."

Patsikulo tinabwera awiri okha, ine ndi Lenzi. Dona sanayankhe foni. Kandulo anatumiza nyali ziwiri ndi uthenga woti ali ndi mutu. Nyalizo anaimika Lenzi yemweyo, ndodo ya maikolofoni ndinaimangirira pachowumitsira tsitsi kuti manja anga akhale omasuka. Atelala anabwera akudandaula kuti khungu la kumutu silinapole.

Lenzi anatenga nsalu yakuda n'kuphimba galasi la kumbuyo, anaimata ndi tepi m'makona onse. Sitinapatsane moni. Ndinaima pasikirini, mphuno pafupi kukhudza.

"Ukuona chiyani?" ndinamufunsa.

"Azakhali ako."

"Wina?"

"Atelala."

"Yang'ananso."

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anapita kushelefu, anatembenuza ketulo yachitsulo imene inkaonetsa mwendo wa nyali, n'kubwerera pamalo pake.

"Tikamaliza apa," anatero, diso lili pakamera, "usadzanditchule kulikonse. Tikadzakumana pa seti ya anthu, sitidziwana."

"Iwe ungogwira kamera."

Panja kasitomala woyamba anali atafika kale, ataphimba mutu ndi mpango, akusuzumira pawindo. Azakhali anamukodola kuti adikire, anatola chipeso, n'kugwira chingwe cha tsitsi la atelala. Anatseka maso pang'ono, kufunafuna munthu wawo uja.

"Yamba," ndinatero.